Tsiku Limene Chifuniro Anadutsa pa Dubai

Ndinatuluka pakhomo pa madamu ku Al Barsha Lamulungu m'mawa, dzuwa litayamba kale kuwotcha, jumbo ili m'manja. M'jumbomo munali mandasi, nkhuku yokazinga ndi mtedza. Madamu anandiperekeza ndi mawu okha ali pa sofa: "Five o'clock, Agness. Five, khalas." Ndiye kuti ndibwerere 5 koloko, nkhani yatha. Ndinati yes madam, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti mwana wawo asadzuke n'kuyamba kundilirira, tsiku langa lopuma n'kuthera pomwepo.

Ndinkapita ku bwalo la ndege kukaonana ndi mng'ono wanga Chifuniro. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma Chifu masamu amangowamwa ngati thobwa. Anthu ena a mpingo wathu okhala ku America anamupezera malo pa koleji yaing'ono ya m'dera lawo. Anandifotokozera kuti kumeneko akaphunzira masamu zaka ziwiri, fizi yake ndi yotsikirapo, ndipo akakhoza bwino adzamusamutsira ku yunivesite yaikulu kukamaliza digiri. Akapanda kukhoza, palibe kusamuka. Pa zonsezo ine ndinangogwirapo chimodzi: ndege yake idzatera ku Dubai, ndipo adzadikira ina kuyambira m'mawa mpaka masana.

Sikuti chimene chinkandithamangitsa chinali masamu ayi. Chifu ndiye wakhala akulera mwana wanga Takondwa chichokereni ine kwathu ku Lizulu, mwanayo asanayambe n'kuyankhula komwe. Pa foni aliyense amangoti ali bwino, ali bwino, akusewera panja. Koma miyezi yapitayi ndikapempha kuti ndimve mawu ake, amati wathawa. Ndinayamba kulota zoipa. Ndinati ayi, pali chimene akundibisa, kaya akudwala, kaya wapsa ndi moto. Pa foni Chifu akhoza kundinamiza, koma ndikamuyang'ana m'maso sangathe, ndinamubereka kumsana ine.

Kwathu m'bale wako akamadutsa pa basi ya ku Lilongwe kapena ya ku Blantyre, sukhala m'nyumba. Umakaima pa siteji ndi kamba wake. Basi ikaima iye amatsika, kapena amangosuzumira pa zenera, mumagwirana manja, mumauzana za matenda ndi za mvula kondakitala akukalipa. Ndinakula ndikuona zimenezo, n'chifukwa chake ndinalawirira kukazinga mandasi.

Ndinayenda wapansi mpaka pa siteshoni ya sitima ya Metro, pafupi ndi mall yaikulu ya m'deramo, n'kugunditsa khadi pa geti. Kukafika ku bwalo la ndege ndi madirham asanu ndi awiri ndi theka. Ndinalowa bogi ya amayi, ija ya mizere ya pinki, ndikuyang'ana pansi kawirikawiri, poopa kuti mwina ndasochera ndalowa ya anthu olemera kumene akakupeza amakulipitsa. M'sitimamu saloleza kudya, ngakhale chingamu. Ine sindinkadya, koma nkhuku ija inayamba kundiulula, fungo bogi yonse. Ndinapanikiza jumbo pakati pa miyendo n'kumayang'ana kunja ngati si yanga. Mayi wina wa ku Philippines amene ndinakhala naye anandinong'oneza kuti, "Sister, chicken?" Ndinati, "For my sister, airport." Anaseka n'kuti, "Lucky sister."

Pa siteshoni ya Business Bay panakwera mtsikana wovala mpango wakuda, wa msinkhu wa Chifu, buku lili chotsegula m'manja. Ndinasuzumira. Anali masamu, koma manambala ochepa, zilembo mbwee, ndi china chopindika ngati mbedza. Ndinati kodi zimenezi ndiye zikumuchotsa Chifu kwa mwana wanga? Ndinamukwiyira mtsikana wosalakwayo mpaka anatsika pa Union. Kenako manyazi anandigwira, chifukwa ndine ndemwe ndinamuuza Chifu kuti pita, usadzatsuke zimbudzi za eni ngati ine.

Sitima itatuluka pansi pa nthaka, foni inanjenjemera. Kuno kuimbirana pa intaneti n'kovuta, timangotumizirana mawu ojambula. Anali Chifu: "Achemwali, tatera! Kunotu n'kwakukulu, ndayenda mpaka miyendo yawawa, khomo sindinalione. Muli pati?" Ndinaphimba pakamwa ndi dzanja n'kuyankha kuti, "Ndatsala pang'ono, tuluka undidikire pakhomo."

Ndinatsika pa Terminal 3 cha m'ma 10. Kuzizira kwake m'katimo, khungu lonse tsemwe lokhalokha. Ndinatsata anthu mpaka pamene amatulukira obwera. Ena ananyamula maluwa, ena zikwangwani za mayina, ine jumbo ya nkhuku. Chitseko chagalasi chikatseguka ndinkaima ndi zala, mtsikana aliyense wakuda ndinkati ndi yemweyo. Anatuluka a ku Nigeria ndi masutikesi ngati akusamuka, anatuluka agogo pa njinga ya olumala, anatuluka ana. Chifu ayi.

Foni inanjenjemeranso. "Achemwali, ndafunsa. Akuti ndilibe viza ya dziko lino, sindingatuluke."

"Auze kuti mkulu wako ali panja pompa, ungomupatsa moni basi."

"Ndawauza. Akuti ayi."

Ine anthu a yunifolomu ndimawaopa, ngakhale mapepala anga ali bwinobwino. Koma ndinapita pa tebulo la mayi wina, chitupa changa chili m'manja asanachifunse n'komwe. Ndinati, "My sister inside. Only greet." Anandiyang'ana mwachifundo. "Transit? Not possible, habibti. You have ticket?" Tikiti ndiitenga kuti? Ngakhale pasipoti yanga ili m'kabati ya madamu.

Ndinabwerera pakona n'kuyamba kulankhula ndi foni ndikulira, sindikudziwa kuti ndinkati chiyani. Bambo wina amene ankakankha mzere wa matrole anaima.

"Amai, ndimwe a ku Malawi? Ine ndine wa ku Chipata. Nanga mulila chani?"

Ndinamufotokozera zonse mothamanga. Anapukusa mutu.

"Apa si pa siteshoni ya basi, amai. Wa transit, wopitilila chabe, satuluka panja. Olo ine nisebenza muno, kuja siningangene."

"Nanga chakudyachi, achimwene? Simungapeze wina amupatsire?"

"Iyee, mufuna banichose nchito? Chakudya cha munthu kungena kuja? Awe."

Ndinamufunsa kuti andilozere kokha mbali imene mng'ono wanga ali, ndiziyang'ana komweko. Analoza chipupa, kenako analoza pansi, kenako anati mwina anamutengera ku nyumba ina pa kasitima ka m'katimo. Anandiperekeza pa benchi. "Nkhalani apa, netiweki ili bwino. Kambani naye, nthawi isila."

Ndinapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kujambula mawu. "Chifu, ndinkafuna ndikufunse ndikukuona. Zakanika. Ndiye undiuze zoona, usandisangalatse. Tako ali ndi chiyani?"

Foni inkaonetsa kuti akujambula, kenako wasiya, kenako akujambulanso. Ndinapemphera kuti Ambuye, chilichonse koma asakhale maliro. Mawu atafika ndinaika foni kukhutu.

"Achemwali, Tako sakudwala. Wanenepa, ndipo akuwerenga mpaka twente, ndamuphunzitsa ndi zitsekerero za mabotolo. Koma amanditchula ine kuti amayi. Inu amati ndinu anti a m'foni. Ndikamuuza zoona amalira, amati ndikufuna kumupereka kwa eni. N'chifukwa chake amathawa."

Ndisanapume anafika enanso, akulira mosabisa.

"Ndamusiya kwa azakhali ku Ntcheu. Sindinamutsanzike, ndachoka akugona. Achemwali, ndibwerere? Mukanena kuti bwerera ndibwerera. Masamu sathawa."

Inenso tsiku langa ndinachoka akugona. Ndinakhala pa benchipo foni ili pa ntchafu, ndipo ndinene zoona, pakamwa panga panadzadza mawu akuti bwerera. Ndikanangowanena, Chifu akanabwerera, ndimamudziwa. Mwana wanga akanadzuka n'kupeza amayi ake, ngakhale amayiwo si ine. Ndinasindikiza batani.

"Usapenge iwe. Masamu amathawa, ine anandithawa. Kakwere ndege. Ukakhoze zaka ziwirizo akusamutse, usakatichititse manyazi, wamva? Za Tako ndi zanga, ndinabereka ndine. Ukafika uvale juzi."

Ananditumizira chithunzi ali pa mpando, atavala jekete yaikulu yobwereka, maso ali otupa. Inenso ndinamutumizira changa, ndi cha mandasi. Anati, "Mwawapsereza ngati kale." Ndinaseka ndekha pa benchi, mamina ali chuchuchu. Tinatumizirana choncho mpaka anati akuitana ndege yawo, kenako foni inangoti zii.

Jumbo ndinampatsa bambo wa ku Chipata uja. Anailandira ndi manja awiri. "Zikomo amai, tizadya pa break na banzanga. Mulungu alipo."

Ndinakwera sitima yobwerera cha m'ma 3, bogi yomweyo ya amayi, madirham omwewo. Tisanalowe pansi pa nthaka ndinaona ndege ikukwera, ina pambuyo pake, inanso. Sindinadziwe kuti ndibayibitse iti. Ngati m'bale wanu adzadutse kuno, inu okhala kuno, musavutike n'kukazinga kanthu. Munthu amatha kukhala nawe pansi pa denga limodzi theka la tsiku, n'kupita osamugwira ngakhale chala. Ndinapita kukafuna zoona ndipo ndinazipeza, mwana wanga ali moyo, ndithokoze. Koma wasiyidwa kawiri akugona, ndipo kawiri konseko ndine: koyamba ndinapita, kachiwiri ndinati pita.

Ndinatsegula nambala ya azakhali kuti ndijambule mawu amene akamumvetsere Tako madzulo. Ndinati, "Tako, ndi ine," n'kufufuta. Ndinayambanso, "Tako mwanawe, ndi ine," n'kufufutanso. Sitima inafika ku Al Barsha, zitseko zinatseguka, ndipo ndinali ndisanadziwebe kuti ndimuuze kuti ndine ndani.