Tizitini ta Gasi ta Amayi

Ndikukumbukira tchuthi china mpingo wathu wa ku Hull, ku Ulaya, utapita kukagona m'matenti kufupi ndi nyanja. Ndinali ndisanayambe sekondale. Amayi, omwe anali namwino, anagula kambaula ndi tizitini ta gasi tonyezimira, toti tikatha n'kutaya. A Phiri, bambo wa mumpingo mwathu, anabwera ndi chisilinda cha gasi chokandika penti, chooneka ngati achitola kudzala.

Amayi anachizungulira akununkhiza. A Phiri anafotokoza kuti gasi akatha amakachibweza kusitolo n'kulandira china chodzaza. Apa m'pamene amayi anakayikira zenizeni. Anayamba kuchigwiritsa ntchito ndani? Chinagwapo kangati? Iwo anali atatsukapo mabala a anthu opsa ndi moto kuwodi, ndiye sankafuna zoyerekeza.

"Chinthu choyenda m'manja mwa anthu osawadziwa, inu n'kumaphikira pafupi ndi ana?"

"Mayi a Chisomo, gasi ndi yemweyu," anayankha a Phiri akuseka.

Amayi sanaseke. Anasuntha tenti yathu, ndipo ine anandiletsa kudutsa mbali imeneyo. M'mawa uliwonse ankapaka thovu la sopo pakamwa pa silinda ya eni ake kuti aone ngati ikudontha. Sinadonthe. Inkangophika nyemba za gulu lonse mwakachetechete, pamene tizitini tathu tinkatha madzi a tiyi asanawire bwino pamphepo yozizira ija.

Tsiku lochoka, amayi anandituma kukataya zinyalala. Mwini malowo, mzungu wachikulire wovala majombo amatope, anamva kulira kwa tizitini m'jumbo n'kundiimitsa. Anati timeneti sititayidwa m'bini, chifukwa mumatsalira gasi amene amatha kuphulika m'galimoto ya zinyalala, ndipo tikakwiriridwa kudzala timakhala zaka osaola. Tibwerere nato kwathu.

Nditawauza, nkhope ya amayi inasintha. Anati bamboyo watisankha chifukwa cha khungu lathu. Anasiya kupinda tenti, n'kukaima pafupi ndi mabini manja ali m'chiuno, kudikira kuti aone ngati ena auzidwanso zomwezo. Ine ndinkaopa kuti ayambana. Posakhalitsa linafika banja la azungu ndi jumbo lawo. Bambo uja anapisamo dzanja, natulutsa tizitini tiwiri, n'kuwabwezera m'manja. Amayi anatembenuka n'kubwerera kukapinda tenti.

Jumbo lathu ndinalifukata pamiyendo ulendo wonse, likulira kwechekweche paliponse pamene basi yagwedezeka. Kunyumba a zinyalala analisiyanso pakhomo. Linakhala kuseri kwa chitseko mpaka nyengo yozizira, amayi atapeza tsiku lopuma n'kulinyamula pa basi kupita kumalo a khonsolo olandirira zinthu zotere. Anabwerako atanyowa ndi mvula. Chaka chotsatira anagula silinda yawo, atamufunsa wogulitsayo mafunso mpaka thukuta kamukamu.

Masiku ano tikapita kumatenti, masilinda obweza ali mbwee, ndipo ana a mumpingo amatiphunzitsa za kusamala chilengedwe m'Chingerezi chothamanga. Amayi amawamvetsera atapinda manja, kenako amawauza kuti kwawo ku Zomba botolo la zakumwa silinkatayidwa, linkabwerera kugolosale. Amamaliza ndi kunena kuti nzeru ya silindayi anabweretsa mumpingo ndi iwo. A Phiri, omwe tsopano imvi zili mbuu, amangovomera kuti inde, ndi momwemo.