Nkhondo yopanda mwini filimu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 nditamenyana ndi pulifekiti, ndipo mayi atatopa kundipepesera anangoti, "Basi, udzionere wekha." Masana ambiri ndinkachoka kwathu ku Salisbury Lines n'kukakhala pa vidiyo sho ya a Gondwe ku Chiputula, mu Mzuzu momwemo. Chingerezi cha m'kalasi chinkandikana, koma cha m'mafilimu chinkandilowa, moti anzanga ankalimbirana kukhala pafupi nane kuti ndiziwanong'oneza zomwe azungu akunena. Tsiku lina a Gondwe anaima kumbuyo kwanga kwa kanthawi, kenako anandigwira paphewa.

"Iwe, ukusokosera makasitomala anga ulele. Bwera uzisokosera pa maiki."

Mbiri yanga anali ataimva, ndiye anaikapo lamulo limodzi: ndikadzangoponya chibakera mu sho yawo, kaya wolakwa ndi winayo, ntchito yathera pomwepo.

Kwa inu osaidziwa, ntchito yomasulira mafilimu imayenda chonchi. Filimu imabwera pa fulashi, umaiika mu laputopu n'kuionera kaye yonse uli chete, mahedifoni ali kumutu. Ulendo wachiwiri ndi pomwe umatsegula maiki. Dzanja lamanzere silichoka pa mikisa. Mzungu akayamba kuyankhula umatsitsa mawu ake n'kulowetsa ako, mfuti ikalira umakweza msanga, chifukwa anthu sakukhululukira ukawabisira kulira kwa mfuti. Ikatha timaikopera anthu m'mamemore kadi, n'kuionetsanso mu sho.

Koma kutembenuza mawu n'kochepa, anthu amafuna kuseka. Ndege ikanyamuka umati ikupita ku Jenda kukapikula tomato. Munthu akawomberedwa umati, "Mwamuona? Wagona osavula nsapato." Ndipo filimu isanapite patali uyenera kuwalozera mwini filimu. "Uyu wa chipewayu, mumusunge bwino." Akamudziwa mitima imakhala pansi, poti mwini filimu safa. Ena onse akhoza kuyoyoka ngati mango, iye atuluka m'moto ndi kachilonda pachipumi. Womasulirafe anthu amatitcha ma DJ, ndipo a Gondwe ankakonda kunena kuti DJ wokhala chete ndi wakuba.

Loweruka lomwe ndikufuna kukambalo kunali kamvula kowaza kaja ka Mzuzu, kosadziwa kusiya. Magetsi anali atavuta sabata yonse, choncho filimu yatsopano yomwe a Gondwe anaitenga m'tauni sindinaionereko. Iwo anali atalemba kale pabolodi panja kuti lero kuli nkhondo yaikulu, ndipo mabenchi anadzaza ndi akabaza obisala mvula.

"Uimasulire pompano, anthu akuona," anatero akuliza jenereta. "Ndi ya nkhondo. Wachita zambiri chomene."

Itayamba ndinaona kuti ilibe mtundu, yakuda ndi yoyera basi, anthu akuyenda mothamanga ngati nkhuku. Woyankhula anali mmodzi, bambo wosaoneka nkhope, akufotokoza mosathamanga. Anati mwana wa mfumu ya dziko lina anawomberedwa ali m'galimoto, ndipo poti maiko akuluakulu anali atalumbirirana kuti wokhudza mnzanga wakhudza ine, anakokana mmodzimmodzi mpaka Ajeremani, Angerezi, Afalansa ndi Arasha onse analowamo. Ndinati, "Zili ngati ndewu ya pa depoti, womenyedwa mmodzi, obwera ndi miyala mzinda wonse." Anthu anaseka, ine n'kumva kukoma.

Kenako kunabwera masitima odzaza anyamata akumwetulira, atsikana akuwaponyera maluwa. Kabaza wina wotchedwa Yotamu, wamakani, amene ankakhala benchi yakutsogolo nthawi zonse, anakuwa.

"A DJ, mwini filimu ndi uti?"

Ndinasankha mnyamata wina amene anatulutsa mutu pawindo la sitima. "Ameneyo, mumusunge." Sanaonekenso. Ndinasankha wina wa ndevu, akukumba ngalande ndi fosholo. Nayenso anangosowa. M'malo mwake anationetsa mafakitale, azimayi atandandalika mizere akupanga zipolopolo zazikulu ngati mwana wa zaka zitatu, utsi uli tolo. Anationetsa ngalande zodzaza matope momwe asilikali ankakhalamo miyezi, waya waminga kutsogolo, mfuti yolira osapuma ikuwadikira. Wina akaimba wezulo anyamata ankatuluka m'ngalandemo n'kumathamangira ku mfuti ija. Bambo uja anatchulanso mpweya wa poizoni, ndipo tinaona mzere wa anthu omangidwa nsanza kumaso, aliyense atagwira phewa la mnzake.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti awa si maekita. Ekita amagwa mokongola, amayang'ana kaye pogwera. Awa ankangopindika ngati thumba lothothoka pa njinga. Nthabwala ya nsapato inafika pakamwa, ndinaimeza. A Gondwe ali pakhomo anandipatsa chizindikiro ndi dzanja kuti yankhula.

Ndisanapeze chonena, chithunzi chinasintha. Tchire, dzuwa, ndi mzere wautali wa anthu akuda opanda nsapato, mabokosi ali pamutu. Ndinamva bambo uja akutchula Nyasaland. Anati nkhondoyo inafika mpaka kuno, ndipo popeza kunalibe misewu, anthu a m'midzi ndiwo anasandutsidwa magalimoto, kunyamula zipolopolo ndi chakudya cha asilikali, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Kamera inaima pa bambo wina atakhala pansi pambali pa njira, nthiti zikuwerengeka, bokosi lili pambali pake. Mzere unkangomudutsa.

"Onani kabaza wakale uyo," anatero Yotamu. "Mafuta amuthera."

Sho yonse inafa ndi phwete. Ine sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangopezeka mahedifoni ali pansi, mwendo umodzi uli kale pamwamba pa benchi, chibakera chili chokonzeka. Yotamu naye anadzuka, akumwetulira, poti ankandidziwa. A Gondwe sanathamange. Anayankhula ali pakhomo pomwepo.

"Ukadumpha benchi imeneyo, upitirire mpaka kwa amayi ako."

Ndinaima choncho, mwendo m'mwamba ngati tambala. Ndinaganiza za mayi, ndi mawu oti ndikawauze madzulo. Dzanja linalo linali likadagwira maiki, chingwe chitakokeka mpaka kutsala pang'ono kuzuka ku mikisa. Ndinatsitsa mwendo, ndinabweza filimu pang'ono, n'kuiimitsa pa bambo wa bokosi uja.

Ndinati, "Uyu si ekita. Anamutenga kumudzi, mwina kwanu, mwina kwathu. Bokosilo si lake, ndewuyo si yake, mwana wa mfumu anawomberedwa uja sanamuonepo. Wojambulayo atachoka, uyu sanapite kukasamba n'kukalandira malipiro. Anatsala pomwepo."

Kunamveka jenereta yokha ndi mvula pa malata.

"Nanga mwini filimu?" anafunsa wina kumbuyo.

"Mulibe. Ndinakunamizani aja. Onse mukuwaonawa akhoza kufa."

Ndinaitsegulanso n'kumasulira mpaka kumapeto momwe bambo wofotokoza uja ankanenera, osawonjezera kanthu. Mfuti zikalira sindinakweze. Anthu ena anatuluka akung'ung'udza kuti anabwerera nkhondo, osati maliro, ndipo ndinkawamva a Gondwe akuwapepesa pakhomo, "Yewo, yewo, mawa kuli yabwino." Mabenchi akumbuyo anatsala opanda anthu.

Yotamu sanatuluke. Itatha anabwera pa tebulo langa akuvala jekete, ine n'kukonzeka kuti mwina ayambiranso.

"Kwathu ku Karonga kuli manda a azungu a nkhondo imeneyi," anatero. "Osamalidwa bwino, maina olembedwa. Ndadutsapo kambirimbiri. Nanga a mabokosiwa anawaika kuti?"

Ndinamuuza zoona, kuti filimuyo sinanene. Anagwedeza mutu, n'kutuluka kukapukuta mpando wa njinga yake.

A Gondwe anazimitsa jenereta, anazula fulashi n'kuiika m'thumba la malaya. Ine ndinkapinda chingwe cha maiki mosamala kuposa masiku onse, kudikira kuti anene.

"Iyi sitionetsanso, yandithamangitsira anthu," anatero. "Mawa ulawire, kuli ya karate. Ndipo uionere kaye."

Ndinakhala nawo mpaka pomwe mafoni anapha mavidiyo sho ambiri, ndipo mafilimu ndikumasulirabe, pano pa laputopu yangayanga. Mtima wapachala sunathe, ndisakunamizeni, koma ndinaona tsiku lija kuti chibakera chikanafika kwa Yotamu yekha, pomwe maiki inafika mpaka benchi yomaliza. Nthabwala ndimaikabe, ndi zomwe zimandidyetsa. Kungoti munthu akagwa pa sikirini, ndimayamba ndadzifunsa ngati anadzukanso kamera itazima. Ngati sanadzuke, ndimatsitsa mawu anga n'kumusiya adutse.