Mmene Nthanda Inandisandutsira Wamisala ku Kabwata

Sukulu ine ndinafika Fomu Faifi, ku sekondale ya mishoni kwathu kum'mawa, ndipo sindibisa. Amene anathawa sukulu amakonda kunena kuti maphunziro si nzeru. Chabwino, koma umbuli nawonso si nzeru.

Mwa zonse zimene ndinaphunzira, zimene zinandikanirira m'mutu ndi za kumwamba. Ankatiphunzitsa mphunzitsi wina wochokera ku India, wamfupi, wosachedwa kupsa mtima ngati ine ndemwe. Iyeyo ndiye anatiuza kuti nyenyezi iliyonse ndi dzuwa, kungoti ili kutali kosaneneka, ndiponso kuti dzuwa lathuli ndi nyenyezi wamba yosaposa zinzake. Mapulaneti, iye ankatero, alibe moto wawowawo. Amangobwereka kuwala kwa dzuwa pamene akulizungulira, ndipo dziko lathu ndi limodzi mwa iwo. Nyenyezi imaphethira, pulaneti siphethira.

Pa nthawi imene ndikunenayi tinkakhala ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, m'nyumba ya khonsolo, ndipo ine ndinali kalaliki m'sitolo ya zitsulo m'tauni. Malipiro anga ankatha mwezi usanafike pakati. Chimene chinkatidyetsa ndi tebulo la mkazi wanga pamsika, pamene ankagulitsa tomato, anyezi ndi repu. Chipani chinali chimodzi, ndipo tebulo pamsika silinali lako ngati tcheyamani wa Chipani m'dera lanu sakukufuna. Tcheyamani wathu anali munthu wochokera kumigodi ya ku Kopala, wogulitsa malasha, wa mawu ngati lipenga. Sindinganame kuti anali woipa mtima. Maliro akagwa ankayamba kufika ndi iye. Koma munthu angathe kukumba manda bwino n'kukhalabe mbuli.

Inali nyengo yotentha, mvula isanagwe, ndipo ndege za Rodeshiya zinkalowa m'dziko mwathu kudzaphulitsa misasa ya omenyera ufulu. Mantha anali enieni. Tsiku lina ine ndemwe ndinamva mawindo a sitolo akunjenjemera. Kenaka kunabwera lamulo loti kukada tizizimitsa magetsi, ndipo aliyense akaona chachilendo akanene.

Magetsi atazima, thambo linabwerera ku Lusaka ngati wachibale amene tinamuiwala. Mlalang'amba unayala kuchokera mbali ina kukafika ina. Ndinkatulutsa ana pabwalo n'kuwauza kuti choyeracho si utsi kapena mtambo, ndi madzuwa osawerengeka, ifenso tili m'kati mwake, ndipo kuseri kwake kuli milalang'amba ina yambirimbiri. Ana ankayasamula. Anansi ankasuzumira pa makatani.

Ndiye kumadzulo kunali chowala china chachikulu, chimene chinkayamba kuoneka dzuwa likangolowa, zinzake zisanatuluke. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza amuna aunjikana pamsewu, makosi ali m'mwamba, tcheyamani ali pakati ndi anyamata a Chipani.

“Shani, ba neba? Mwaiona?” anandifunsa tcheyamani, atayamba ndi moni wa kwawo.

“Ndaona chiyani?”

“Ija. Ibwela masiku onse, iimilila pamene paja, itipenya. Ni ndeke ya adani.”

Ndinaseka. Ndinayesa akuchita nthabwala.

“Ndege iti yoima malo amodzi osalira? Mafuta amaithirira ndani kumeneko?”

“Ni helikopita,” anayankha mnyamata wina.

“Rodeshiya ali kummwera, kupyola Lilayi uko. Icho chili kumadzulo.”

“Mdani sayenda na njila ya basi, ba neba,” anatero tcheyamani, ndipo onse anavomera ngati kutchalitchi.

Apo ndiye magazi anandikwera. Ndinawauza kuti imeneyo ndi pulaneti, azungu amati Venasi, ndipo ndi yomweyo imene makolo athu amaitcha nthanda ikatuluka m'bandakucha. Njira yake ili m'kati mwa njira ya dziko lathu, n'chifukwa chake siitalikirana ndi dzuwa: nyengo ina imalitsatira madzulo, nyengo ina imalitsogolera m'mawa.

“Penyetsetsani,” ndinatero. “Tsiku ndi tsiku izitsikirabe. Posachedwa isowa. Pakapita masiku ochepa mudzaiona kum'mawa kusanache, pamwamba pa Woodlands. Zikalephereka mudzandimete mpala wopanda madzi.”

Ndikanalekera pomwepo. Koma ine mawu akafika pakhosi sabwerera. Ndinaonjeza kuti munthu wosasiyanitsa nyenyezi ndi helikopita asiye kulondera dziko, akalondere malasha ake. Wina anaseka, kenaka anasandutsa chisekocho chifuwa.

Mkazi wanga nkhani inamupeza ine ndisanafike pakhomo.

“Imwe atate, mwawanyoza pa anthu?”

“Ndanena zoona.”

“Zoonazo tizazigulitsa pa tebulo iti?”

Zinachitika monga ndinanenera. Chowalacho chinatsika, chinatsika, mpaka chinamira m'kufiira kwa dzuwa. Tcheyamani analengeza kuti mdani wathawa ataona kuti Kabwata ili maso. Kenaka azimayi olawirira kukagula ndiwo zamasamba pa malole m'tauni anachiona chitatulukira kum'mawa, chowala ngati kale, mbali ya Woodlands ndi Kabulonga. Tsiku limenelo ndinapita kuntchito chifuwa chili patsogolo, ndikuganiza mmene ndidzalandirire kupepesa kwawo. Ndinali nditakonza zowakhululukira, koma osati msanga.

Pobwera ndinapeza madengu onse a tomato ali m'nyumba. Anyamata a Chipani anali atauza mkazi wanga kuti asayale malonda mpaka mlandu wa mwamuna wake utatha. Masiku otentha amenewo tomato sadikira mlandu. Pofika Lamlungu nyumba yonse inkanunkha zowola, ndipo mkazi wanga sanandilankhule ngakhale popita kutchalitchi.

Msonkhano wa mlanduwo unali masana a Lamlungulo pabwalo la tcheyamani, pakati pa matumba a malasha. Anthu anadzaza. Ine anandikhazika pa mpando pakati.

“Funso ni imodzi chabe,” anayamba tcheyamani. “Ba neba aba banakamba kuti izatsika, inatsika. Izasoba, inasoba. Izabwela ku Woodlands, kwamene kugona bakulu-bakulu ba dziko, yabwela. Manje nifunsa: banaziba bwanji pulogilamu ya ndeke ya adani? Ndani amabauza?”

“Ndinaphunzira kusukulu!”

“Anakuphunzitsani ndani?”

“Mphunzitsi.”

“Wa kuti?”

“Wa ku India.”

“Mwamvela?” anatero tcheyamani akutembenukira anthu. “Wakunja.”

Ndinaimirira n'kuyamba kufotokoza kuti mayendedwe a mapulaneti amadziwika kale, munthu angathe kuwerengera za chaka chamawa ngakhale za zaka za zidzukulu zake. Ndikuona tsopano kuti ndinkangodzikumbira dzenje. Pamene ndinkaonetsa kuti ndikudziwa zambiri, m'pamenenso nkhope zinkauma. Mnyamata uja wa helikopita ananena kuti nkhani yotere si ya m'dera, ndi ya kupolisi. Aliyense ankadziwa kuti mwamuna akapita kumeneko ndi dzina la ukazitape, tebulo la mkazi wake limapeza mwini wina sabata isanathe, ndipo ndinaona azimayi awiri amene anali atayamba kale kuliyeza ndi maso.

Mkazi wanga anadzuka, anamanga chitenje bwino, n'kugwada. Sanandiyang'ane.

“Ba tcheyamani, nipemphako kukamba. Aba bamuna banga si kazitape. Badwala. Sukulu inabaononga mutu, ine nimabisa chabe chifukwa cha manyazi.”



“Kunyumba batenga tomato yanga na anyezi, bazungulutsa pa koloboyi, ati ise tinkhala pa tomato. Bauza bana kuti dzuba ni nyenyezi. Ati nyenyezi zina zamene tiona, kuwala kwake kunanyamuka bambuya bathu bakalibe kubadwa, kufika lelo. Ati na manje so dziko ithamanga, ise tili pamwamba. Nivutika, ba tcheyamani. Bakamba vinthu vambili tsiku lonse. Chimodzi chagwilizana chabe.”

Palibe bodza limene ananena pa zimene ndinkaphunzitsa ana. Anazikumbukira bwino kuposa anzanga a m'kalasi. Zaka zonsezo ndinkayesa samvetsera.

Mkulu wina wa mpingo wathu, wakwathu kum'mawa, anagwedeza mutu nati, “Paja akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo.” Anthu anang'ung'udza movomera. Tcheyamani anandiyandikira, mawu atafewa ngati akulankhula ndi mwana wodwala malungo.

“Ba neba, dziko izungulila?”

“Inde.”

“Manje manje?”

“Panopa.”

“Nanga malasha yanga siyagwa bwanji?”

Bwalo lonse linaphulika. Yankho ndinali nalo, la mphamvu ya dziko yokoka zinthu, ndipo linafika pamano. Koma ndinaona kuti chisekocho n'chimene chikubweza tebulo. Tcheyamani naye anali atapeza njira yabwino: wonyozedwa ndi wamisala sananyozedwe.

“Muvomela kuti mutu umakuvutani?” anafunsa.

Ndinayang'ana mkazi wanga ali chigwadire pa fumbi la malasha ndi chitenje chake cha kutchalitchi.

“Umandivuta nthawi zina,” ndinatero. Pa nthawi imeneyo unkandiwawadi ngati ukung'ambika.

Mlandu unathera pomwepo. Za chowala chija anagamula kuti apitirize kuchilondera, ndipo ine anandichotsa pa gulu la olondera, poti wodwala sapatsidwa ntchito ya chitetezo. Amuna anzeru zawo ankadzuka m'bandakucha kukayang'anira nthanda, mvula ikuwanyowetsa, ine ndili m'bulangeti.

Lolemba mkazi wanga anayala malonda. Ndipo apa ndi pamene pamandipsetsa mtima mpaka lero: malonda anakwera. Azimayi ankadutsa matebulo ena kudzagula kwa mayi wosauka uja wosunga mwamuna wofunta. Ena ankachokera ku Chilenje. Ankamugwira dzanja n'kumufunsa kuti, “Bali bwanji lelo?” iye n'kuusa moyo, n'kuwaikira mbasela. Kuntchito mbiri ya misalayo sinafike, mwamwayi, koma ku Kabwata ana ankandithawa, ndipo kutchalitchi anandipempherera mokweza ine ndili pomwepo.

Patapita milungu ingapo chifundo chinayamba kuzirala, poti anthu ankandiona ndikupita kuntchito nditavala tayi ngati munthu wabwinobwino. Madzulo ena titangotha kudya, mkazi wanga anatsegula chitseko.

“Imwe atate, tulukani mukapenyeko kumwamba.”

“Sindifuna. Zakumwamba ndinasiya.”

“Simunasiye. Imani pafupi ndi msewu, anthu akuoneni. Muzilozako ndi chala.”

Ndinatuluka. Akamwiniatsatana, nyenyezi zondondozana zija, anali akukwera kum'mawa, atatu pamzere wawo, ndipo sindinganame, anali okongola. Ndinaima pamenepo ndikuloza, ndipo aliyense wodutsa amene anandifunsa kuti ndikuona chiyani ndinamutukwana. Zimenezonso zinathandiza malonda.