Mkulu wa Mpingo ndi Getsi Lofiira

Ku Chintheche kuli mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma wochokera ku Dedza, amene kutentha kwa kunyanja sanakuzolowerebe. Masiku ano mtima wawo uli pa kakompyuta konga bokosi la machesi, kamene akuphunzira kukalamula poonera mavidiyo pafoni. Amalemba pulogalamu ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, ndipo akalakwitsa amakalipira mawaya.

Anakalumikiza ku choyezera kutentha n'kukapachika m'tchalitchi. Kukazizira kamayatsa getsi lobiriwira, kukatentha lofiira, kuti anthu atsegule mazenera. Koma anazindikira msanga kuti abusa akaona lofiira amafupikitsa ulaliki.

Lamlungu lina mu Juni, amayi atafunda zitenje chifukwa cha mphepo yozizira ya mwera, getsi linafiira abusa atangotsegula Baibulo. Mkuluyo anali atatsitsa nambala yoyatsira getsi lofiira mu pulogalamu kuti ulaliki ufupike, koma anapyola muyeso.

Abusa anayang'ana getsi, kenako juzi ya mkuluyo.

"Ada, bambo mkulu, kodi kwatentha?"

"Kwambiri, abusa," anayankha, akudzikupiza ndi buku la nyimbo.

"Pepani. Vulani juziyo mukakhale pakhomo, pali kamphepo."

Ulaliki unatenga maola awiri, mkuluyo ali pakhomo m'malaya okha, mano akugundana.