Wotchi ya a Tokie Ikadali pa Tebulo Panga

Pa 13 Epulo 2025, Lamulungu m'mawa, a Tokie Nagasaka anavula wotchi yawo m'mphepete mwa ngalande ya kumadzulo n'kundipatsa ine. Anaivula chifukwa anthu makumi awiri ndi atatu anawaseka. Chiwerengerocho ndikuchidziwa poti ndine ndinkalemba mayina a obwera. Woyambitsa kusekako anali Noboru Morishige, wapampando wa bungwe la mudzi wathu, yemwe ndinamuphunzitsa masamu zaka zitatu osaphula kanthu.

A Tokie anayendetsa makalata m'chigwa muno zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, pa njinga yofiira. Galu aliyense ankamudziwa dzina. Tiyi ankamwera pakhomo, chiimirire, thumba lili paphewa. Malemu mkazi wanga ankawachonderera kuti, "Tokie-san, lowani, mpando wathu suluma." Iwo ankayankha kuti, "Ndikakhala ndimera mizu," n'kupalasa njinga ulendo.

Korona inawagwira mu Ogasiti 2022. Thupi linatentha masiku anayi okha, ndipo anabwerera ku ntchito. Tsiku lachiwiri, pa chitunda chopita ku kachisi, anatsika njinga n'kukhala pansi pakati pa msewu, makalata ali m'manja. Ku chipatala cha m'tauni anawayeza magazi, chifuwa ndi mtima, osapeza kanthu. Kachipangizo kopanira kuchala koyezera mpweya nakonso kanati zonse zili bwino. Komabe mayi uja sankatha kutsuka mpunga osagona pambuyo pake ola lathunthu. Ntchito anaisiya ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu.

Amuna awo anamwalira kalekale. Mwana wawo yekhayo, Chiharu, amakhala kutali, mumzinda wa Sendai, ndipo ndi iye anawagulira wotchiyo. Imawerenga kugunda kwa mtima. Dokotala wina amene anavomera kumva nkhani yawo mpaka kumapeto anawauza kuti aitchere pa 105. Mtima ukapyola apo, wotchi imalira, ndipo munthu azikhala pansi pomwepo, kaya wamaliza chomwe akuchita kaya ayi. Anawachenjezanso kuti matendawa salanga tsiku lomwelo. Amadikira mawa kapena mkuja.

Mayi amene sankadziwa mpando anayamba kuphunzira kukhala. Ndiwo ankadula ali pa kampando. Zovala ankayanika zitatu, n'kupuma, zitatu zina. Madzi osamba otentha kwambiri, omwe tonse kuno timawakonda, anawasiya n'kumasamba ofunda chabe. Wotchiyo anaitcha apongozi. Tikamacheza pa mpanda, ikalira, ankati, "Pepani Aphunzitsi, apongozi akuti ndikhale," n'kukhala pa mwala. Patatha zaka ziwiri ndi theka anakwanitsa kuyenda mpaka pa bokosi la makalata kumapeto kwa msewu, mapazi mazana asanu ndi limodzi, n'kubwerako. Anandiuza nkhaniyo ngati mwana wokhoza mayeso.

Kuyenda kumeneko n'komwe kunawaputira tsoka. Madzi asanatsegulidwe kupita m'minda ya mpunga, nyumba iliyonse imatulutsa munthu mmodzi wokachotsa matope m'ngalande. Zaka ziwiri a Tokie sanapite, ndipo palibe ananena kanthu pamaso pawo. Chaka chachitatu anthu anali atawaona mumsewu, masaya ali ofiira. Noboru analemba dzina lawo pa mndandanda.

Tsikulo a Tokie anabwera atavala nsapato zamphira za malemu amuna awo. Ine ndi zaka zanga makumi asanu ndi atatu ndinali pa mpando wopinda pamtunda, ndi mayina ndi mabotolo a tiyi. Atatapa mafosholo asanu, wotchi inalira. Kalilidwe kake n'kofanana ndi ka mphika wamagetsi mpunga ukapsa. Anatuluka m'ngalande n'kukhala pa udzu. Anabwerera, ndipo posakhalitsa inaliranso.

"Eee, mpunga wapsa kale?" anafuula Noboru. "Tokie-san, pakulani msanga, tafa ndi njala kuno!"

"Ndiwo ndi chiyani?" anatero wina kumunsi.

"Ine mundigulire yangati imeneyo," anawonjezera Noboru. "Izilira akazi anga akangonditchula."

Anthu anaseka mpaka kutsamira mafosholo. A Tokie anawerama kumanja, anawerama kumanzere, akupepesa kuti akuchedwetsa anzawo. Kenako anabwera kwa ine akumasula lamba.

"Aphunzitsi, mundisungire apongozi. Lero alongolola kwambiri."

Ndinkadziwa zimene dokotala ananena, poti iwo eni anandifotokozera pa mpanda kangapo. Ndinatambasula dzanja n'kulandira. Ndinaiika m'thumba la jekete. Pakamwa panga panali patatsalabe kumwetulira kwa nthabwala ya mpunga ija, ndipo zimenezi ndikuzilemba kuti wina asanene kuti nkhalambayi imangoona za anzake.

Anagwira ntchito maola atatu. Pomaliza, Noboru anawaombera m'manja nati, "Mwaona? Mankhwala ake ndi matope!" Lolemba ndinawaona akuthirira maluwa. Lachiwiri zotsekera mawindo za nyumba yawo sizinatsegulidwe, ndipo mpaka lero zatsegulidwa kawiri kokha. Popeza Lolemba lija anaoneka ali bwino, mudzi wonse unagwirizana kuti ngalande ilibe mlandu.

Miyezi khumi ndi umodzi tsopano ali chigonere m'chipinda chamdima. Kuwala kumawapweteka, wailesi imawapweteka. Mayi wothandiza odwala amabwera katatu pa sabata, Chiharu kamodzi pa mwezi. Ine ndimaloledwa mphindi zisanu, ndipo ndimalankhula monong'ona ndili pakhomo la chipinda. Wotchi ndapita nayo kanayi. Amaikana. Amati, "Inandichititsa manyazi pamaso pa anthu."

Choncho ili pa tebulo panga, pafupi ndi chithunzi cha mkazi wanga. M'mawa uliwonse ndimaitchaja, sindidziwa chifukwa chake. Mtima woti iwerenge ilibe, koma a Tokie anaitchera kuti iziwakumbutsa kupuma nthawi ya 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana. Nthawizo zikakwana imanjenjemera pa thabwa, n'kusuntha pang'ono yokha, mawu n'kuyaka akuti nthawi yopuma yakwana. Nyumba yanga ilibe wina wolankhula. Ndayesa kukhala kumunda nthawi zimenezo, koma ndimaimva m'thumba la jekete, momwe mulibe kanthu.

Dzulo thabwa la mauthenga a bungwe, lomwe limayenda nyumba ndi nyumba, lafika kwa ine kuchokera kwa a Tokie. Pali mndandanda wa ngalande wa chaka chino. Ndi wa chaka chatha womwe uja, angosintha tsiku. Dzina lawo lili pa nambala 9, ndipo pambali pake pali chidindo chawo chofiira, chopendekeka, chosonyeza kuti adzabwera. Mayi wothandiza uja akuti anamutuma kutenga chidindocho m'kabati, n'kudinda okha ali chigonere.

Ndinapita kukawafunsa. "Tokie-san, mwadindiranji?"

"Nyumba iliyonse munthu mmodzi, Aphunzitsi," anayankha mumdimamo. "Kwathu munthu ndine."

Ndimawadziwa mayiwa. Anakwera chitunda cha kachisi m'chipale chofewa chofika m'mawondo chifukwa cha khadi limodzi la Chaka Chatsopano. Dzina likakhalapo, adzadzuka ngakhale chokwawa, ndipo nsapato zamphira zija auza kale kuti ziikidwe pakhomo. Chiharu wawaletsa pa foni, ine ndawaletsa pamaso. Satimvera, chifukwa si ife tinalemba dzinalo. Wolifafaniza ayenera kukhala yemwe analilemba, ndipo akawauze yekha kuti bungwe likuwapempha kuti agone.

Pepalali ndalipanikiza pa thabwa lomweli kuti nyumba zonse ziwerenge lisanafike kwa iwe, Noboru. Kalata ziwiri ndinakulembera chaka chatha, sunayankhe. Ngalande ndi pa 12 Epulo, kwatsala masabata atatu. Kodi uchotsa dzina la a Tokie Nagasaka pa mndandanda n'kupita wekha kukawauza, kapena ayi? Ndiyankhe polemba, pansi pa pepala lomweli.