Ngalande Imene Ankati Kulibe

Kwa zaka khumi ndi chimodzi, mvula ikagwa madzi ankalowa m'shopu ya mayi wina wosoka zovala, moti makina ake anachita kuwakweza pa njerwa. Akakadandaula ku khonsolo, ankamuuza kuti mumsewu wakewo simunakhalepo ngalande. Koma iye ankaikumbukira bwino, chifukwa ali mtsikana anagweramo.

Mwana wake wamkazi ndiye anamutsina khutu. "Amayi, mapu a msewu si chinsinsi. Lembani kalata muwapemphe."

Kalaliki wa ku khonsolo analandira kalatayo n'kunena kuti, "Mubwere mawa, mayi."

Mayiyo anangomwetulira. Mawu amenewo iye ankawauza makasitomala ake tsiku lililonse, ndipo ankadziwa kuti mawa lotere silifika. Anadinditsa kope lake la kalatayo, n'kukhala pabenchi moyang'anizana ndi kalalikiyo, n'kuyamba kusokerera mabatani. Anatero masiku anayi, osakalipira munthu, osasunthanso.

Tsiku lachisanu mapu anatuluka, achikalekale, m'makona atadyedwa ndi njenjete. Mayiyo anatsatira mzere wabuluu ndi nsonga ya singano. Ngalande inalipo, ndipo inkadutsa pansi pa mpanda umene mwini sitolo yoyandikana naye anamanga.

A khonsolo anagumula mpandawo mvula isanayambe, makina n'kutsika panjerwa. Kope la mapuwo mayiyo analipachika pamwamba pa kalilole. Koma nkhaniyi inawanda msewu wonse, moti masiku ano kasitomala akauzidwa kuti abwere mawa, amangokoka mpando n'kukhala. Mayiyo amatukwanira mumtima, n'kuyamba kusoka.