Nkhani zinkabwera zokha pafoni yanga

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Ramadani uli pakati, ndikusoka yunifolomu ya mwana wasukulu pakhonde langa ku Liwaladzi. Wapolisi wamtali anaima pamakina nati, "Madala, tengani foni yanu. Tikacheze pang'ono."

Ndine telala. Mwana wanga wamkazi, amene amaphunzira ku Lilongwe, anandiikira pafoni tsamba la pa intaneti losonkhanitsa nkhani. Umangosankha masamba a nyuzi amene ukuwafuna, ndiye nkhani yatsopano ikatuluka kulikonse imabwera yokha pamalo amodzi. Ndinkawerengera mokweza anthu odikira zovala zawo. Tsiku lina kunabwera nkhani yoti doko limene asodzi athu amakocheza lagulitsidwa kwa munthu wofuna kumangapo malo ogona alendo. Ndinaiwerenga ngati zina zonse. Wogulitsayo, mkulu wina wandale, anali asanauze aliyense.

Kupolisi anandikhazika pansi, foni anaiika patebulo.

"Analemba ndani izi?" anafunsa wamtali uja, akuloza nkhani ya doko ija.

"Atolankhani, bwana. Dzina lili pamwambapo."

"Iwe, ndikufunsa amene amakutumizira."

Ndinalongosola. Ndinalongosolanso. Ndili mkati molankhula, tsambalo linalandira nkhani ina, ya mtengo wa feteleza. Wamtaliyo anadzuka pampando.

"Ukuona? Akukutumizira uli m'manja mwathu. Tchula dzina."

Anthu onenepa ndi misonkho yathu ankafuna kumanga unyolo tsamba la pa intaneti lija. Poti linalibe miyendo, anagwira yanga. Anandivula nsapato. Zimene anachita sindizilemba zonse. Mpaka lero makina ndimapalasa ndi phazi limodzi. Atatopa, mnzake wa wamtali uja anandibweretsera madzi m'kapu, dzuwa lili pamutu. "Imwani, shehe," anatero akuseka.

M'chitokosi tinalimo ambiri, ndipo ndowa inali imodzi. Mkazi wanga ankabwera ndi futari, chakudya chomasulira kusala, alonda n'kuyamba alawa mpaka theka. Iye ndiye anandiuza kuti amuna amene ankadzaza benchi yanga atafunsidwa, onse anati sanamvepo kanthu. Mmodzi, amene ndinamusokera kanzu, mkanjo wake wa ukwati, anati amangondidziwa nkhope. Apolisi sindinawadabwe. Awawa ndi amene anandinyansa.

Ananditulutsa Idi itapita, popanda mlandu, popanda khoti. Mkulu wa pamalopo anandibwezera foni nati, "Muthokoze kuti tinakusungani bwino." Ndinathokoza. Munthu wopanda nsapato satsutsana ndi mwini chitseko.

Patapita miyezi, wamtali uja anabwera pakhonde langa atavala zawamba, atanyamula buluku long'ambika pamatako. Anandipatsa moni waulemu, kundifunsa za kunyumba. Kenako anatulutsa foni yake.

"Madala, chija chobweretsa nkhani chokha chija, mungandiikireko? Ndikufuna ndizidziwa msanga za mpira, komanso akalengeza zokweza anthu pantchito."

Ndinamuyang'ana nkhope kufuna kuona ngati muli manyazi. Munalibe. Sankandinyoza n'komwe. Kwa iye zija zinali ntchito ya tsiku limenelo basi.

Ndinamuikira, buluku ndinasokanso. Anthu amati ndili pa ufulu, ndipo n'zoona: ndimagona kwanga, ndimaswali mapemphero anga pa nthawi yake. Koma ufulu wake ndi womwewu, woti amene anakuthyola phazi akhale pabenchi yako, iwe n'kumufunsa kuti, "Bwana, ulusi wakuda kapena wabuluu?"